Mawilibala Anayi ndi Chifosholo Chimodzi

4 Febuluwale

Mkazi wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi ana. Kaya chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukundikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti sindinabwere kudzacheza. Achimwene nawonso ali bwino, akupereka moni.

Unandifunsa kuti ntchito yake ndi yotani kwenikweni. Ndikuuza, koma usaseke. Ine mwamuna wako, amene ukunyadira kwa anzako kuti anapita kunja, ndimawola ndowe za mahatchi. Alipo makumi awiri ndi awiri, ndipo zimene amadya sizichedwa m'mimba. Tilipo anthu anayi, aliyense ndi fosholo ndi wilibala yake: ine, mnzathu wina amene timamutcha Chipewa chifukwa sachivula ngakhale pakudya, mlamu wake wa Chipewayo, ndi achimwene amene ndiwo akapitawo athu. Tikawola timakankha mpaka kudzala, kuseri kwa makola, malo otsetsereka. Pobwerera timatenga utuchi woyala pansi. Tsiku lina ndinayesa kuwerenga maulendo, ndinasokonezeka nditadutsa makumi asanu.

Mahatchi akuno amafunda mabulangete, iwe! Ali ndi dokotala wawo wa mano. Nditaona koyamba ndinaima kukamwa kuli yasa, mpaka achimwene anandigunda ndi chigongono kuti ndisawachititse manyazi.

Achimwene kuno ndi munthu wamkulu. Zaka khumi ndi zinayi pamalo amodzi si masewera. Adona, eni malo ano, sachita kanthu asanawafunse. Hatchi ikadwala iwo amadziwa pongoona kaimidwe kake. Ukudziwa wekha kuti akanapanda kundipemphera ntchitoyi, bwenzi pano ndili pakhonde ndikukusowetsa mtendere.

Nkhani yatsopano ndi yakuti Lachisanu kunabwera lole kudzatsitsa kathirakitala. Ndikuti ka chifukwa ndi kakang'onodi, sikandipitirira paphewa. Kutsogolo kwake kuli mikono iwiri yachitsulo imene yagwira chifosholo chotakata ngati chitseko chogoneka. Tinaseka. Chipewa anati adona agulira zidzukulu zawo choseweretsa. Achimwene anakazungulira kawiri, n'kumenya tayala ndi nsapato, n'kunena kuti, "Aka kabwera kudzamwa mafuta basi. Ndowe zimafuna munthu."

Ndatumiza nsapato za mwana wathu wamkuluyo. Zikakhala zazikulu aike mapepala kutsogolo, phazi likukula. Uwauze amisiri ayambe maziko a chipinda chija mvula ikangodula.

Ndine mwamuna wako.

19 Febuluwale

Mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Kalata yako ndalandira, ndakondwa kuti chifuwa chija chinatha. Ine ndili bwino. Msana wasiya kuwawa, ndipo chimene chausiyitsacho ndi chimene chandilembetsa kalatayi msanga.

Iwe, ndaona zinthu! Kathirakitala tinkakaseka kaja katitseka pakamwa. Pageti panali mulu wa miyala yokonzera msewu wolowera kuno. Chaka chatha mulu ngati womwewo achimwene ndi anzawo anaukankha masiku atatu, manja mpaka matuza. Ndiye munthu amene anagulitsa kathirakitalako anabwera kudzatisonyeza ntchito yake. Anakwera, n'kulowetsa chifosholo mumulu, n'kunyamula, n'kukathira, n'kubwerera chambuyo akusalaza ndi chifosholo chomwecho. Nthawi ya tiyi isanakwane mulu unali utatha, msewu uli see. Ife anayi tinangoima m'mbali, mafosholo ali m'manja. Chipewa anavula chipewa, ndipo ndi tsiku limenelo tinadziwa kuti ali ndi dazi.

Kenaka wogulitsayo anafunsa kuti ndani mwa ife anayendetsapo chinthu cha injini. Achimwene anati iwo ali ndi ntchito, n'kupita kukasesa khola losesa kale. Ine ndinatchula za njinga yamoto ya amalume ija. Zoti ndinagwa nayo kawiri sindinanene, ndipo iwenso usunge pakamwa.

Anandiphunzitsa masiku awiri. Kuyendetsa kwake n'kosavuta, pali kandodo kamodzi kokwezera, kutsitsira ndi kukhuthulira. Koma anandiuza zinthu zitatu, n'kundibwerezetsa ngati mwana wa sukulu. Ukanyamula katundu, chifosholo chiziyenda m'munsi, pafupi ndi nthaka, chifukwa ukachikweza m'mwamba chili chodzaza kathirakitala kamagwa cham'mbali. Potsetsereka uzitsika molunjika, osadutsa chopingasa. Ndipo lamba wa pampando uzimanga. Adona pa nthawiyo anali ndi alendo, zimenezi ndinamva ndekha.

Sabata imodzi yokha, tamva zimene ndachita. Ndowe zonse za tsiku ndimatuta maulendo asanu ndi limodzi. Chomwera madzi cha simenti chimene chinakanika amuna anayi, ndinachinyamula ndekha ndikuimba mluzu. Ndakankha mtengo umene unagwera pampanda, ndakwirira maenje, ndatembenuza dzala lonse kuti manyowa apse bwino. Madzulo ndimafika kuchipinda malaya ali ouma. Ndikanakhala nako kumudziko, mchenga wa chipinda chathu ukanafika tsiku limodzi, ndipo abale ako akanayamba kundipatsa moni ndi manja awiri.

Dzulo ndinapeza adona ataima m'shedi, akuyang'ana mawilibala athu anayi atatsamira kukhoma. Anayang'ana nthawi yaitali.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale wina abwere ndi mawu okoma.

Ndine mwamuna wako.

11 Malichi

Mkazi wanga,

Ndikupatsa moni, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Ine thupi lili bwino, koma mutu sukugwira.

Chipewa ndi mlamu wake ntchito yatha. Adona anawaitana Lachisanu masana, anawalankhula bwinobwino, misozi ili m'maso, koma mawu ake anali amodzi: anthu awiri akwanira. Ine ndinali kudzala, ndinamva pobwera. Munthu wagwira zaka zisanu ndi ziwiri osajomba, lero akumuchotsa chifukwa cha chitsulo chimene chabwera mwezi watha! Ndinasowa poyang'ana. Ponyamuka Chipewa anandigwira dzanja, sanakwiye, anangoti, "Mphwanga, kachitsulo kakoka kadya awiri. Ukayang'ane bwino, sikanakhute."

Tsopano tatsala ine ndi achimwene, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito kakundichititsa manyazi. Ine ndimakhala pampando wa khushoni. Iwo, munthu wa zaka makumi asanu, amene anandibereka kumsana amayi ali kumunda, amayenda pansi ndi fosholo, kukokola m'makona mmene chifosholo sichifika, n'kumaponyera m'chifosholo changacho. Ndinawauza kuti, "Achimwene, bwanji mupumeko, ndikokole ndine?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Yendetsa. Wakuuza ndani kuti ndatopa?"

Kuchipinda kwathu nthabwala zinatha. Amangotsegula wailesi, n'kumasoka magolovesi awo akale. Akazi awo usawauze za Chipewa, angayambe kuganiza zambiri. Akakufunsa unene kuti zonse zili bwino.

Koma iwe ndiwe mkazi wanga, sindingakubisire. Kathirakitalaka ndimakakonda. Ndikuchita manyazi kulemba koma ndi zoona. Mvula ya sabata yatha inatseka ngalande, madzi n'kuyamba kulowa m'makola. Kale tikanakumba tsiku lonse titanyowa. Ine ndinakokolola matopewo kanthawi kochepa, mahatchi osanyowa ndi phazi lomwe. Galimoto ya dokotala wa ziweto inatitimira pageti, ndinathira miyala pansi pa matayala, inatuluka. Adona anandiombera m'manja. Kubadwa kwanga konse sindinaomberedwepo m'manja ndi bwana, ndipo ndinakondwa. Nditatembenuka ndinaona achimwene akuyang'ana kumbali.

Wamkuluyo akuti akuthawa masamu. Umuuze kuti bambo ake amva.

Ndine mwamuna wako.

3 Epulo

Mkazi wanga,

Moni nonse. Ife tili moyo. Khala pansi uwerenge bwino kalatayi.

Chipewa ananena zoona. Adona atiitana tonse awiri n'kutiuza kuti kuyambira mwezi wamawa pakufunika munthu mmodzi, ndipo munthuyo akhale wodziwa kathirakitala. Kenaka anati popeza achimwene akhala nawo zaka zambiri, mwayi woyamba ndi wawo. Ndiwaphunzitse milungu iwiri. Lachisanu la pa 17 adona adzaima n'kuonerera achimwene akututa ndowe kuchokera m'makola kukataya kudzala. Akakhoza, atsala ndi iwo, ine ndibwerera kumudzi. Akalephera, nditsala ndine.

Waiona nkhani yake? Andipatsa ntchito yoti ndidzichotse ndekha ntchito.

Ndikuwaphunzitsa, Mulungu ndi mboni. Koma tandiuza, munthu amene anakuphunzitsa kumanga lamba wa kabudula umamuphunzitsa bwanji? Wogulitsa uja ankandikalipira ine, "Tsitsa! Ima! Wagona kodi?" Ine ndinganene zimenezo kwa achimwene? Mawu anga onse amayamba ndi kapena. "Kapena mukanaponda apa." "Kapena mukanayamba mwabwerera." Iwo amangoti, "Ndaona, ndaona," asanaone.

Chiwongolero achigwira msanga, mutu ali nawo. Vuto ndi limodzi. Akangodzaza chifosholo amachikweza mpaka m'mwamba, kuti aziona njira pansi pake. Ndinawauza zimene ananena wogulitsa uja. Anaseka koyamba m'mwezi wathunthu. Anati, "Iwe, ine ndanyamula matumba kuyambira usanamere mano. Katundu amakhala paphewa. Unaona ndani akuyenda mtunda thumba lili m'maondo?" Lamba wa pampando akuti ndi wa ana. Pabwalo la makola ndi pathyathyathya, ndiye palibe chimene chachitika, ndipo iwo akuona ngati akhoza. Kudzala sitinapiteko, akuti njira imeneyo aiyenda zaka khumi ndi zinayi, sangaphunzitsidwe ndi ine.

Amisiri aja auze aime kaye, asayambe khoma. Njerwa muzifunditse pulasitiki.

Ndikudziwa chimene munthu wabwino ayenera kufuna. Achimwene ali ndi ana asanu, ndipo malo ano ndi awo, ine anachita kundiitana. Koma ndikaganiza zobwerera ndi chikwama chomwe ndinapita nacho, chipinda chili pa maziko, chakudya chimandikanika. Sindikufuna kubwerera, mkazi wanga. Mawu amenewa akhale a iwe wekha.

Ndine mwamuna wako.

21 Epulo

Mkazi wanga,

Ndili bwino. Achimwene ali m'chipatala koma ali moyo, akulankhula, akudya. Ndi mwendo. Upite wekha kwa akazi awo ukawauze, usatume mwana. Unene kuti anavulala pantchito ndipo madokotala akuwasamala. Amayi muwauze pang'onopang'ono, atakhala pansi.

Pantchito ndatsala ndine.

Amisiri apitirize.

Zambiri sindingathe kulemba lero. Undipempherere.

Mwamuna wako.

10 Meyi

Mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Kalata yako yafika, ndipo wandikalipira moyenera. Ukuti ndakusiya ndi theka la nkhani pamene akazi a achimwene akubwera m'mawa uliwonse kudzakufunsa. Ndayamba kalatayi katatu n'kung'amba. Lero ndilemba mpaka kumapeto.

Lachisanu lija kunacha bwino, koma kunali kutagwa mvula dzulo lake, ndowe zinali zonyowa ndi zolemera. Achimwene anavala malaya awo oyera a kutchalitchi. Adona anaima pakona ya makola atapinda manja, ine pambali pawo. Achimwene analiza injini, analowa, anadzaza chifosholo bwinobwino kuposa mmene ndimadzazira ine. Adona anagwedeza mutu mokondwa. Kenaka achimwene anachikweza mpaka m'mwamba monga mwa masiku onse, n'kulunjika kudzala.

Ife tinkatsatira pambuyo. Atafika potsetsereka paja sanatsike molunjika. Anakhota kuti adutse chopingasa, njira imene timadutsa ndi wilibala kuti isatithawe. Ndi wilibala njira imeneyo ndi yanzeru. Ine ndinaona zonse, mkazi wanga. Ndinaona chifosholo chili m'mwamba, ndinaona tayala lakumtunda likupepuka. Adona sankadziwa kanthu, ankamwetulira.

Nthawi inalipo. Ndikanakuwa kuti, "Tsitsani!" akanamva, ndipo kandodo kanali m'dzanja lawo. Koma kukuwira achimwene ngati ndikukuwira mbuzi, pamaso pa bwana wawo, tsiku la mayeso awo? Ndinathamangira pafupi n'kunena kuti, "Achimwene, kapena mukanatsitsako pang'ono." Ndinanena ndi mawu opemphera mchere, injini ikulira.

Kanagwa pang'onopang'ono, moti mpaka lero ndikatseka maso ndimakaona kakupendekeka. Lamba sanamange. Anayesa kudumpha, koma anadumphira kumunsi, ndipo chitsulo chokhota chimene chimakhala pamwamba pa mpando chinawapana mwendo pansi pa bondo. Kulira kumene analira sindinakumvepo kwa munthu wamkulu. Malaya oyera aja anali ndowe zokhazokha.

Ine ndi adona tinayesa kukankha, osasuntha ndi pang'ono pomwe. Ndinakumba ndi manja mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Adona anathamanga kukaitana aneba a famu ya kutsidya kwa msewu. Anabwera ndi thirakitala yawo, nayonso ya chifosholo kutsogolo. Anakoleka tcheni, n'kukweza, kamphindi komweko mwendo unamasuka. Adokotala akuti tikanachedwa ola limodzi akanaudula. Ndiye ndi chifosholo chinawagwetsa, ndi chifosholonso chinawapulumutsa, ine sindikudziwa kuti nditukwane kapena ndithokoze.

Fupa linathyoka pawiri, aikamo zitsulo. Adzayenda, koma wilibala sadzakankhanso. Za kuchipatala adona akuona ndiwo. Kathirakitala kanangophwanyika galasi la nyali, Lolemba lake kanali pantchito, ine ndili pampando.

Adona anandifunsa ngati ndinawaphunzitsa za kutsitsa chifosholo. Ndinati inde, ndipo sindinaname. Anandisisita paphewa n'kunena kuti si mlandu wanga. Ndimapita kuchipatala Lachitatu ndi Lamlungu. Achimwene amandifunsa za mahatchi, iliyonse ndi dzina lake. Za tsiku lija sanatchulepo.

Akazi awo uwauze za mwendo ndi za zitsulo. Zinazo ndakuuza iwe.

Ndine mwamuna wako.

29 Meyi

Mkazi wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo. Ntchito ikuyenda, ya anthu anayi ndimaimaliza dzuwa likadali pamutu, kenaka ndimasowa wolankhula naye.

Achimwene anyamuka Loweruka likubwerali, afika kumeneko Lachiwiri ngati basi siivuta panjira. Ali ndi ndodo ziwiri ndi chikhakha mpaka m'ntchafu. Mupeze galimoto yokawatenga pa siteji, asakwere njinga. Katundu wawo ndi sutikesi ziwiri ndi wailesi. Zaka khumi ndi zinayi, sutikesi ziwiri! Ndinamanga ndine, ndipo ndinalira ndikumanga.

Anatuluka m'chipatala Lolemba, akugona kuchipinda kwathu. Dzulo masana ndinawapeza atakhala pakhomo, mwendo atausanjika pa ndowa. Anandiuza kuti ndikhale. Ndinakhala pansi.

Anati, "Tsiku lija unaona kuti chifosholo chakwera?"

Ndinati, "Ndinaona, achimwene."

"Unadziwa kuti kagwa?"

"Ndinadziwa."

"Unanena?"

"Ndinanena, achimwene. Ndinati kapena mukanatsitsako."

"Sindinamve."

"Injini inkalira."

Anayang'ana kumakola. Kenaka anati, "Mwezi wako woyamba kuno, hatchi yofiira ija itathyola geti kuthamangira kumsewu, unakuwa uli kudzala. Ine ndinamva ndili m'bafa, aneba anatuluka m'nyumba. Mawu uli nawo iwe."

Ndinati, "Ndinaopa kukuchititsani manyazi pamaso pa adona. Ndinu aakulu."

Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya. Unaleredwa bwino." Basi. Anapempha madzi akumwa, ndinawapatsa, n'kuyamba kundiuza za hatchi ina imene imafuna mankhwala a m'maso kawiri pa tsiku.

Mkazi wanga, sanandikalipire, ndipo bola akanandimenya ndi ndodo yawoyo. Kuyambira dzulo ndikudzifunsa chimene chinanditseka pakhosi paja. Ndimati ndi ulemu, ndipo ulemuwo unalipodi. Koma pamene tayala lija linkanyamuka, m'mutu mwanga munadutsanso chipinda chathu chili pa maziko. Zinadutsa zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo sindikudziwa chimene chinagwira lilime langa. Sindinafune kuti avulale, zimenezo ndikulumbira. Koma kuti alephere, sindingalumbire.

Akafika ukawalandire ndiwe, uwatengere katundu, ana akawagwadire. Mbuzi yaikazi ija ipite kwa achimwene. Wamkuluyo azikawatungira madzi ndi kuwadulira nkhuni osadikira kutumidwa.

Anthu adzawafunsa mmene zinachitikira, ndipo iwe udzakhala pomwepo. Akadzanena kuti mng'ono wawo anawalemekeza, uvomere. Akadzanena zina, usawatsutse.

Ndine mwamuna wako.